Tizilombo ta M'matumbo Tayamba Kugonjetsa Mankhwala a ku Cipatala

Munthu wa kwa Sandwe akadwala mwakayakaya, ulendo wace timaudziwa tonse. Amayambira pa kiliniki ya pafupi, monga ya ku Ukwimi, ndipo zikakanika amtumiza ku Petauke kapena ku cipatala ca misyoni ca Minga. A kumadzulo amapita ku Nyimba. Matenda akakula, ulendo umapitirira mpaka ku St Francis ku Katete, ku Chipata, ngakhale ku UTH ku Lusaka. Pa njira yonseyi banja limakhala ndi ciyembekezo cimodzi, cakuti kumene likupitako kuli jekeseni wamphamvu amene adzathetsa matendawo. Kwa zaka zambiri ciyembekezo cimeneci sicinali kugwiritsa mwala. Lero madokotala akuona odwala amene jekeseni uja sakuwathandizanso, ndipo gwero la vutoli alipeza m'mimba mwathu momwe.

M'matumbo a munthu ali yense, wodwala ndi wangwiro yemwe, mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso, tocuruka ngati mcenga. Tambiri ndi tabwino: timathandiza kugaya cakudya ndi kutsekereza tinzace toipa. Pakati pa ito pali mitundu iwiri imene madokotala amaitcha E. coli ndi Klebsiella. Ikakhala m'matumbo kawirikawiri siivuta. Koma ikalowa m'cikhodzodzo, m'bala la opareshoni, m'mapapo kapena m'magazi, makamaka a khanda kapena a munthu wofooka, ingathe kupha m'masiku owerengeka.

Mankhwala opha tizilombo, amene ambiri tazolowera kungowatcha makapisozi, sasankha pakupha. Alimi a thonje adzandimvetsa msanga. Wopopera mankhwala osukuluka amapha mbozi zofooka, zolimba n'kutsala, ndipo caka camawa munda umadzaza ndi ana a zolimbazo. M'matumbo zimacitika cimodzimodzi, koma mwaliwiro, pakuti kacilombo kamodzi kangathe kusanduka tiwiri pa mphindi 20 zokha. Tina taphunzira kupanga madzi amene amaphwanya mankhwala asanagwire nchito, ndipo luso limeneli timapatsana, ngakhale mtundu wina ndi unzace. Tizilombo totere madokotala amatitcha ESBL, ndipo timagonjetsa ngakhale ceftriaxone, jekeseni amene zipatala zathu zimadalira pa matenda aakulu. Alexander Fleming, amene anatulukira penisilini mu 1928, anacenjeza kale mu 1945 kuti kumwa mankhwala operewera kudzaphunzitsa tizilombo kupirira.

Umboni woonekeratu ukucokera kwa anansi athu a ku Malawi. Pa cipatala ca Queen Elizabeth ku Blantyre akhala akupima magazi a odwala kuyambira 1998. Mu 2003, pa tizilombo ta E. coli 100 topezeka m'magazi, sikanali kukwana n'kamodzi komwe kokana mankhwala a gulu la ceftriaxone; pofika 2016 tinali 30. Klebsiella anacoka pa 12 kufika pa 90. Kafukufuku wina wa pa cipatala comweco, wofalitsidwa mu 2022, anapima cimbudzi ca odwala. Pa tsiku logonekedwa, pafupifupi theka la iwo anali kale ndi tizilombo tokana mankhwala m'matumbo. Patapita mlungu umodzi ali m'wodi ndi kulandira mankhwala, anali oposa atatu pa anai ali onse, ndipo ena anakhala nato miyezi atabwerera kwao. Ku UTH nako, madokotala a ana anapeza kuti makanda ambiri odwala matenda a m'magazi anagwidwa ndi Klebsiella wokana mankhwala ozolowereka. Pa dziko lonse lapansi, akatswiri anawerengera kuti mu 2019 anthu 1,270,000 anamwalira cifukwa ca tizilombo tokana mankhwala, ndipo Africa wa kum'mwera kwa Sahara ndiye anakhudzidwa koposa.

Onani bwino mau aja akuti theka anafika nato kale. Ndiye kuti tinacokera kumudzi. Mwana akatsekula m'mimba timathamangira pa kantemba kukagula makapisozi awiri, pamene cofunika coyamba ndi madzi a mcere ndi shuga a ORS. Cimfine tikucimwera Amoxil, cikhalireco mankhwalawa alibe mphamvu pa cimfine. Otsala a agogo timapatsa mdzukulu. Ena amatsegula kapisozi ndi kuthira ufa wace pa cilonda, ena amausungunula m'madzi a nkhuku pa nthawi ya citopa, nthenda imene imapewedwa ndi katemera. Sindifuna kuweruza mai amene kiliniki iri mtunda wa maola atatu, mitsinje itadzaza m'dzinja, mwana ali kutentha thupi pamsana. Iye amacita cimene angathe. Mlandu waukulu ndiuona pa wogulitsa amene alibe cilolezo ca ZAMRA, bungwe la boma loyang'anira mankhwala, ndipo amadziwa kuti makapisozi awiri sangacize kanthu koma amalandirabe ndalamayo.

Apa ndicenjeze, kuti wina angamve molakwa. Amene analembedwa Septrin wa tsiku ndi tsiku pamodzi ndi ma ARV asaleke. Kafukufuku wa ku UTH wa mu 2004, wotsogoleredwa ndi Profesa Chifumbe Chintu ndi anzao, anaonetsa kuti Septrin anacepetsa imfa za ana okhala ndi HIV ndi 43 pa 100. Cimodzimodzi a cifuwa cacikulu: amalize miyezi yao yonse. Mankhwala olembedwa ndi a cipatala amwedwe pa nthawi yace, masiku onse amene anenedwa.

Tsono tifike m'wodi, m'mene ife akhristu timalowa kawirikawiri. Kuyendera odwala ndi nchito ya cifundo imene Ambuye anatilamula, ndipo palibe amene akuti ilekeke. Koma tizilombo ta m'matumbo timayenda pa manja. Mlongo wodwazika amataya cimbudzi ca wodwala, amasintha nsaru, kenaka amakanda nsima, nagawirako wa pa bedi loyandikana amene alibe abale. Ife akatekisiti ndi amai a Legio timayenda bedi ndi bedi kupereka moni wa m'manja. Beseni limodzi la madzi limazungulira anthu asanu ndi mmodzi asanadye, womaliza n'kusamba litsiro la onse. Nzeru ya anamwino ndi yapafupi: sopo, ndi madzi ocita kuthirirana kucokera m'kapu kapena m'jagi, tisanakhudze wodwala, titamkhudza, ndiponso pocokera kucimbudzi. Wonyamula dengu la cakudya kupita ku Minga kapena ku Nyimba aikemo ndi sopo. Khanda lobadwa masiku asanakwane lisapatsidwe kwa mlendo ali yense kuti alinyamule, ngakhale mwambo utero. Ndipo pa mcombo pasapakidwe kanthu kena koposa cimene anamwino apereka.

Wodwala akatuluka, tizilombo tija timapita naye kwao iye osamva kanthu. Pakhomo pamene palibe cimbudzi, kapena pamene citsime ciri kumunsi kwa cimbudzi, banja lonse limatilandira, ndipo m'kupita kwa nthawi mudzi wonse.

Boma la Zambia linakhazikitsa dongosolo lolimbana ndi vutoli mu 2017, ndipo caka ndi caka, kuyambira pa 18 mpaka 24 Novembala, maiko amakumbutsana za nkhaniyi. Komabe kuti dokotala adziwe mankhwala amene angaphe kacilombo ka wodwala wace, amayenera kukamera m'labotale masiku awiri kapena atatu, ndipo zipatala zing'onozing'ono zambiri ziribe zipangizo zace. Ceftriaxone akalephera, otsala ndi mankhwala monga meropenem, okwera mtengo ndiponso osapezeka wamba kunja kwa zipatala zikuluzikulu za m'mizinda.