Njinga Yamoto Ikamanjenjemera, Osangozolowera

Patsiku la msika ku Lizulu kapena pa Tsangano Turn-off, njinga zamoto zimachita kupanikizana. Zina zasenza matumba a mbatata ya kachewere, zina kabichi ndi tomato, zina zikudikira anthu opita kumidzi komwe minibasi sifika. M'boma lathu la Ntcheu, mabanja ambiri akudya, kuvala ndi kulipira fizi chifukwa cha kabaza. Koma tikacheza ndi oyendetsa njingazi, dandaulo limodzi silisowa: madzulo manja amakhala achita dzanzi ndipo msana umawawa. Ambiri amangoti ndi mmene ntchitoyi ilili. Ife tikuti ayi. Njinga ikayamba kunjenjemera mopitirira muyeso, ndiye kuti penapake palakwika, ndipo kawirikawiri vutolo limapezeka ndi sipanala ndi maso basi.

Kunjenjemera kwina n'kwachibadwa

Njinga zambiri za kabaza zili ndi injini ya pisitoni imodzi. Pisitoniyo imakwera ndi kutsika maulendo masauzande angapo pa mphindi imodzi, choncho kanjenjemera pang'ono sikangalephere. Chofunika kuchiyang'anira ndi kusintha. Ngati magalasi oonera kumbuyo ayamba kuonetsa zinthu mwachimbuuzi, manati akumasuka okha, mababu akupsa pafupipafupi, kapena mapazi akuchita nyerenyere mutangoyenda pang'ono, musadikire kuti njinga ikutayeni panjira.

Yambani mwadziwa kumene kukuchokera

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Musanagule sipeya aliyense, yesani njira ziwiri izi. Choyamba, imikani njinga panja, ikhale pa nyutulo, ilizeni ndi kuonjezera moto pang'onopang'ono. Ikanjenjemera ili chiimire, vuto lili ku injini kapena pomwe injiniyo yamangiriridwa. Musayese zimenezi m'nyumba, chifukwa utsi wa injini uli ndi mpweya wa poizoni wosaoneka komanso wosanunkha, umene umapha.

Chachiwiri, yendani pamsewu wosalala wopanda magalimoto ambiri, kenako gwirani kilatchi ndi kuchepetsa moto, njinga izingoyenda yokha. Kunjenjemera kukatha, ndi injini. Kukapitirira, yang'anani matayala, tcheni ndi mabering'i.

Zikakhala za injini

Yambani ndi zosafuna ndalama. Injini itazima ndi kuzizira, yesani mabawuti onse omangira injini ku fulemu. Misewu yafumbi ya ku Tsangano ndi yotsetsereka kupita kuchigwa cha Bwanje imagwedeza njinga tsiku lonse, ndipo bawuti imodzi ikamasuka, zinzake zimatsatira. Mangani mokwanira koma osachita kudumphira sipanala, kuopa kudula bawuti. Onaninso ekizozi, thanki ndi keriyala ngati zagwira bwino.

Kenako pukutani fulemu pafupi ndi injini ndi kuyang'ana ngati pali mng'alu. Kamzere kadzimbiri pamalo owotcherera ndi chizindikiro choipa. Njinga yotere isanyamule munthu kufikira itaonedwa ndi wodziwa ntchito, chifukwa fulemu ikathyoka muli paliwiro, palibe buleki imene ingakupulumutseni.

Ngati injini ikulira modukizadukiza, masulani pulagi. Ikakhala yakuda ndi mwaye, injini ikumwa petulo wambiri kapena mpweya sukulowa bwino. M'nyengo yafumbi sefa ya mpweya imatsekeka msanga, choncho izitsukidwa kapena kusinthidwa kawirikawiri. Petulo wa m'zigubu amathanso kukhala ndi madzi kapena zinyalala zimene zimatseka kabuleta. Onani ngati oyilo alipo wokwanira ndiponso kuti sanade kwambiri. Zonsezi zikakhala bwino koma mkati mwa injini mukumveka kugogoda kumene kukukula mukaonjezera moto, zimitsani ndi kupita kwa makaniko. Angakhale mabering'i a kirankishafuti, ndipo kukakamira kuyenda kumasandutsa vuto la sipeya mmodzi kukhala la injini yonse.

Nthawi zina vuto ndi kayendetsedwe. Kukwera mtunda pa giya yaikulu mutasenza matumba atatu kumachititsa injini kugunda ndi kugwedeza njinga yonse. Bwererani ku giya yaing'ono, ndipo katundu akhale wa saizi ya njingayo.

Zikakhala za matayala ndi tcheni

Imikani njinga pa sitandi yapakati ndi kuzunguza tayala ndi dzanja. Ngati limu ikupita uku ndi uku, yapindika kapena masipoko amasuka. Gogodani masipoko ndi sipanala: lolimba limalira bwino, lomasuka limangoti phwa. Gwirani tayala m'mbali ndi kuligwedeza. Likamasewera, mabering'i atha. Onaninso ngati tayala lilibe chotupa komanso ngati mpweya ndi wokwanira.

Tcheni chisakhale chothina kapena cholendewera. Pa njinga zing'onozing'ono zambiri, chimayenera kusewera masentimita 2 kapena 3 pakati pake, koma tsatirani zimene buku la njinga yanu likunena. Mano a sipuloketi akasongoka ngati minga, sinthani tcheni ndi masipuloketi onse pamodzi. Mkati mwa habu yakumbuyo mulinso timphira timene timachepetsa kugunda. Tikatha, njinga imadzutsa mwankhanza ponyamuka. Musakhudze tcheni injini ikulira. Zala zambiri zaduka motero.

Aliponso amene amamangirira kainjini pa njinga yakapalasa. Kumbukirani kuti fulemu yake sinapangidwire injini. Kainjiniko kagwire fulemu mosasiya mpata, sipuloketi yomangidwa pa masipoko ikhale pakati penipeni, ndipo manati aziyesedwa ulendo uliwonse usanayambe.

Zimene thupi limalipira

Madokotala adadziwa kalekale kuti kunjenjemera kumavulaza. Mu 1911, dokotala wa ku Italy, Giovanni Loriga, adafotokoza za zala zochita dzanzi ndi kuyera mwa anthu ogwiritsa ntchito makina onjenjemera. Mu 1918, Alice Hamilton adapeza zomwezo mwa osema miyala ku Indiana, m'dziko la America. Pambuyo pake ofufuza a ku Japan adaona zizindikiro zofanana mwa anthu operekera makalata pa njinga zamoto. Chimene chimachitika n'chakuti kunjenjemera kwa nthawi yaitali kumawononga mitsempha yomvera ndi timitsempha tamagazi ta m'zala. Poyamba dzanzi limatha munthu akapuma. Zaka zikamapita, zala zimalephera kumanga batani kapena kutola ndalama yachitsulo, ndipo zikafika pamenepo sizichira kwenikweni.

Kuzizira kumawonjezera vutoli, ndipo ife a ku Ntcheu tikudziwa mmene Juni ndi Julayi amalumira m'mawa ku Lizulu ndi ku Tsangano. Fodya nayenso amafinya mitsempha yamagazi, choncho wosuta amavutika msanga. Valani magolovesi ofunda, musafinye mahandulo ndi mphamvu zonse, sinthani mphira za mahandulo zikatha, ndipo podikira kasitomala tsikani, muwongole msana ndi kutambasula zala. Mashokapu akutha ndi mpando wophwa zimapereka bampu iliyonse ku msana wanu ndi wa amene mwanyamula, amene mwina ndi mayi woyembekezera kapena wodwala wopita kuchipatala.

Dzanzi likamapitirira mpaka usiku, zala zikamayera kukazizira, kapena ululu wa msana ukamatsikira kumwendo, pitani kuchipatala chapafupi kapena cha boma ku Ntcheu. Dzanzi limabweranso ndi matenda ena monga a shuga, choncho n'kofunika kupimidwa. Ndipo dzanja ladzanzi silimva bwino buleki.

Ndi nkhani ya banja lonse

Pakhomo, mayi ndi amene amayamba kuona bambo akulephera kugwira kapu bwinobwino kapena akubuula podzuka. Musakhale chete; afunseni kuti, “Bambo, kodi njingayi mwaionetsa liti?” Inunso amene munagula njinga n'kupatsa mnyamata kuti aziyendetsa, akakuuzani kuti ikunjenjemera, musamuyankhe kuti mukungofuna ndalama ya tsikulo. Thanzi lake ndi chuma chanu zakwera njinga imodzi.

Tikulangiza kuti sabata iliyonse mupatule theka la ola loyesa mabawuti, masipoko, tcheni, oyilo ndi mpweya wa matayala, komanso muziika padera kandalama ka masipeya. Akuluakulu adati konza kapansi kuti kam'mwamba katsike. Bawuti yomangidwa lero ndi yotchipa kuposa injini yatsopano, ndipo manja ndi msana zilibe sipeya pa shopu iliyonse.