Momwe Makoleji a ku America Amawerengeranso Magiredi a Ophunzira

Wophunzira wa ku America akamamaliza sekondale amakhala ndi chiwerengero chotchedwa GPA, chimene chimaonetsa mwachidule momwe wakhozera maphunziro ake onse. Makolo ena amaganiza kuti koleji imalandira chiwerengerochi monga chilili. Zoona zake n'zakuti makoleji ambiri amawerengera okha mwatsopano.

Chifukwa chake n'chakuti sukulu za sekondale m'dzikolo siziwerengera mofanana. Zina zimalekezera pa mapointi 4, zina zimafika pa 5, ndipo zina zimaphatikizamo ngakhale masewero olimbitsa thupi. Choncho pamafunika muyeso umodzi kuti pasakhale mwana woponderezedwa.

Tiyeni tione chitsanzo cha University of California. Yunivesiteyi imangowerengera maphunziro a m'magulu 7 otchedwa A-G: mbiri yakale, Chingerezi, masamu, sayansi, chilankhulo china, zaluso, ndi phunziro limodzi loonjezera lokonzekera kukoleji. Pa zaka 12 zimene mwana amakhala pasukulu, imatenga magiredi a chaka cha 10 ndi cha 11. Giredi ya A imapata mapointi 4, B 3, C 2, D 1, ndipo F siipata kanthu. Akaphatikiza mapointi onse amawagawa ndi chiwerengero cha magirediwo. Mosiyana ndi mapointi a MSCE, kumeneko chiwerengero chokwera ndiye chabwino.

Pali mfundo ina yofunika kwambiri. Amene wakhoza phunziro lovuta, monga a m'gulu la Advanced Placement, amaonjezeredwa pointi imodzi, malinga giredi yake isatsike kupyola C. Motero B wa phunziro lovuta amalingana ndi A wa phunziro wamba. Komabe pali malire: mapointi oonjezerawa sapitirira 8. Kuti aganiziridwe, mwana wa ku California ayenera kufika pa 3.0, pamene wochokera kwina ayenera kufika pa 3.4.

Kufika pamenepa sikutanthauza kuti malo apezeka, pakuti osankha amaonanso zina, monga mavuto amene mwana wadutsamo. Koma phunziro kwa makolo ndi aphunzitsi n'loonekeratu: mwana amene amathawa maphunziro ovuta pofuna kukongoletsa magiredi akhoza kudzitsekera yekha khomo. Tiwalimbikitse ana kusankha maphunziro mwanzeru, ndi kufufuza msanga momwe koleji imene akufuna imawerengera.