Dokotala wa mapapo ndi mbaula za ku Chikwawa

Kuyambira mu Disembala 2013 mpaka mu Febuluwale 2016, mabanja 8,626 a ku Chikwawa ndi ku Karonga analembedwa m'kafukufuku amene funso lake agogo aliyense akanalimva msanga: mayi akasiya kuphika pa mafuwa n'kuyamba kuphikira pa mbaula yosafuka utsi wambiri, kodi mwana wake aleka kudwala chibayo? Ana 10,750 osakwana zaka zisanu ankayenderedwa, ena mpaka zaka ziwiri. Yankho linatuluka kumapeto kwa 2016 m'magazini ya madokotala ya The Lancet, ndipo linali lakuti ayi.

Dzina lomaliza pa lipotilo ndi la Pulofesa Stephen Gordon, ndipo zaka zambiri za ntchito yawo zinkaloza ku yankho lakuti inde.

A Gordon ndi dokotala wa matenda a m'mapapo. Anaphunzira pa yunivesite ya Cambridge, n'kugwirako ntchito m'zipatala za ku Oxford, ku Zambia ndi ku Belfast, kenako ku Sheffield ndi kumene anakhazikika pa za mapapo. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 anafika ku Blantyre ndi thandizo la Wellcome Trust, n'kulowa m'bungwe la kafukufuku la Malawi-Liverpool-Wellcome, lomwe linayamba mu 1995 motsogozedwa ndi malemu Pulofesa Malcolm Molyneux pachipatala cha Gulupu. Inali nthawi yowawa. Mankhwala a ma ARV anali asanafike kwa anthu wamba, ndipo m'mawodi munadzaza achinyamata okhala ndi HIV amene chibayo chinkawagwira, kuwasiya, n'kuwabwereranso.

A Gordon anafuna kuona chimene chimachitika m'kati mwa mapapo enieniwo. Njira yake ndi kapaipi kofewa kokhala ndi kuwala kunsonga, kamene amakalowetsa pamphuno kapena pakamwa mpaka m'tinjira ta mpweya. Amathiramo timadzi tamchere pang'ono n'kutikokanso, ndipo timadzito timabwera ndi asilikali a m'thupi amene amalondera mapapo. Mdani amene ankamusaka ndi kachilombo kotchedwa pneumococcus. Kamakhala m'mphuno mwa anthu ambiri, makamaka ana, osawadwalitsa, koma kakatsikira m'mapapo ndi chibayo, kakalowa m'magazi n'kufika ku ubongo ndi matenda oumitsa khosi. Mu 2010, a Gordon ndi Pulofesa Neil French pamodzi ndi anzawo anasonyeza, pa akuluakulu 496 a ku Blantyre amene ambiri anali ndi HIV, kuti katemera wa kachilomboka anachepetsa ndi 74 pa 100 alionse kubwereranso kwa matenda obwera ndi mitundu ya kachilomboka imene katemerayo amalimbana nayo. Mu Novembala 2011 dziko la Malawi linayamba kubaya makanda katemera wa mtundu umenewu, uja amalandira ali ndi masabata 6, 10 ndi 14.

M'timadzi tija munalinso china. Asilikali a m'mapapo a anthu ophika ndi nkhuni ndi owunikira ndi koloboyi ankaoneka ndi timadontho takuda m'kati mwawo. Unali mwaye. Ife amene tinakulira kuchigwa cha Shire kuno timaudziwa: denga la khitchini ya amayi anga kwathu kufupi ndi Ngabu linali lakuda bii, ndipo mng'ono wanga ankagona kumsana kwawo pamene iwo ankauzira moto, maso ali misozi. Mu 2014 a Gordon anatsogolera gulu la akatswiri polemba lipoti lalikulu lochenjeza za utsi wa m'nyumba, umene anthu pafupifupi 3 biliyoni padziko ankaupuma tsiku ndi tsiku. Mphepo yonse inkaombera mbali imodzi. Bungwe la Global Alliance for Clean Cookstoves, lomwe Hillary Clinton analengeza mu 2010, linkafuna mabanja 100 miliyoni akhale ndi mbaula zamakono pofika 2020, ndipo boma lathu linalonjeza mbaula 2 miliyoni pofika chaka chomwecho.

Kafukufuku wa ku Chikwawa ndi ku Karonga, amene a Gordon anatsogolera ndi dokotala mnzawo wa ku Liverpool, Kevin Mortimer, anakonzedwa mosamala. Midzi inagawidwa mwa maere. Mbali ina banja lililonse linalandira mbaula ziwiri za Philips, zokhala ndi kafani koyendera batire kamene kamakupizira moto kuti nkhuni zipse bwino, ndiponso sola yotchajira batireyo. Mbali inayo anapitiriza ndi mafuwa, n'kulonjezedwa mbaula zawo pamapeto. Mwana akadwala, achipatala ankamuyeza monga mwa malamulo a bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, ndipo kuyeza kumeneku kholo lililonse liyenera kukudziwa: mwana wotsokomola wa miyezi 2 mpaka 11 akamapuma ka 50 kapena kuposa pa mphindi imodzi, kapena wa chaka chimodzi mpaka zinayi akamapuma ka 40, kapena pansi pa nthiti pakamalowa m'kati pokoka mpweya, thamangirani naye kuchipatala.

Atawerengera, pa ana 100 alionse pa chaka chibayo chinapezeka ka 15.76 m'midzi ya mbaula, ndi ka 15.58 m'midzi ya mafuwa. Kusiyana kunalibe. Chimene chinachepa ndithu m'mabanja a mbaula ndi zilonda zamoto pa ana.

Zifukwa zina ofufuzawo anazitchula okha: mbaula zinkawonongeka n'kumakonzedwa kawirikawiri, mabanja ambiri ankabwerera ku mafuwa m'kupita kwa miyezi, ndipo utsi umene mwana amapuma si wa pakhitchini ya mayi ake yokha. Apa munthu wa kuchigwa angawonjezere zambiri. Mbaula yofuna tinkhuni todulidula siingaphike nsima ya pamaliro kapena mowa wa mapira. Kukada timafukiza moto kuti udzudzu uthawe. M'chilimwe minda imapsa, zinyalala zimapsa, mauvuni a njerwa ndi a makala amafuka usiku wonse, nzimbe zimatenthedwa zisanadulidwe, ndipo kufupi ndi dambo la Elephant Marsh nsomba zimawambidwa pautsi. Agogo nawo ali ndi chingambwe chawo pakhonde. Mwanayo amayenda m'mudzi wonsewo.

Chimene ndimawalemekezera a Gordon ndi anzawo ndi chakuti anatulutsa zotsatirazi monga zinalili, pamagazini imene mabungwe onse opereka ndalama amawerenga. Tinazolowera kuona mapulojekiti akubwera ndi galimoto zoyera, akugawa katundu, n'kudzalemba kuti zonse zayenda bwino. Awa anabwera kudzayesa chinthu chimene iwo eni ankachikhulupirira, ndipo chitalephera ananena. Sananene kuti utsi ndi wabwino, ndipo inenso sindikutero. Mbaula ya dothi yotchedwa Chitetezo imapulumutsa nkhuni ndi msana wa mayi, ndipo m'chigwa mmene tsanya akutha chifukwa cha makala zimenezo n'zokwanira kuti tiziumbabe. Koma tisamuuze mayi kuti mbaula yokha iteteza mwana wake ku chibayo.

Ntchitoyi inabala funso lina limene limandisowetsa mtendere. M'midzi yomweyo ya ku Chikwawa, gulu lotsogozedwa ndi Rebecca Nightingale linalemba akuluakulu 1,481 kuti liyeze mapapo awo, munthu akuuzira mwamphamvu m'kachipangizo koyeza mpweya. Lipoti la 2019 linati pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse anali ndi mapapo osunga mpweya wochepa kuposa woyenera msinkhu wake, ndipo pafupifupi 9 mwa 100 anali ndi tinjira ta mpweya topanikizika. Utsi umene anauyeza pa anthuwo sunafotokoze zimenezi. Akatswiri amakayikira zimene zimachitika munthu akadali m'mimba ndi ali wakhanda: kubadwa wochepa thupi, kunyentchera, kudwaladwala m'chifuwa mapapo akukula. Chifuwa chachikulu nachonso chimasiya zipsera ngakhale munthu atamaliza mankhwala. Tikakumbukira madzi osefukira a 2015, namondwe Idai mu 2019 ndi Freddy mu 2023, ndi njala imene inatsatira, ndimaganiza za amayi oyembekezera amene anakhala miyezi m'misasa ku Bangula akudya kamodzi patsiku. Ena mwa ana awo tsopano ali kusukulu.

A Gordon anapita ku Liverpool School of Tropical Medicine mu 2005, n'kubwerera ku Blantyre mu 2015 kudzakhala mkulu wa bungwe la Malawi-Liverpool-Wellcome. Covid-19 itafika mu 2020, bungweli linaika makina opangira mpweya wa okosijeni pa Gulupu. Koma mwina chachikulu ndi anthu amene anawaphunzitsa. Kuchokera mu 2007, maphunziro a PATS MECOR, amene iwo anathandiza kuyambitsa, akhala akusula madokotala a mu Africa kuti azichita okha kafukufuku wa mapapo. Njira imene anaiyambitsa ku Liverpool, yodonthezera pneumococcus wochepa m'mphuno mwa anthu athanzi odzipereka pofuna kuyesa katemera, inabweretsedwanso ku Blantyre. M'dziko mmene mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu mu 2017, kupempha munthu kuti avomere zimenezi kumafuna kufotokoza moleza mtima ndiponso m'chinenero chake. Zotsatira za kafukufukuyu zinatuluka mu 2023, ndipo dzina loyamba pa lipotilo ndi la dokotala wa Chimalawi, a Dingase Dula.

Ndikupempha ofufuza a msinkhu umenewu kuti atsike phiri la Chikwawa, awoloke Shire pa mlatho wa Kamuzu, ayambire pa sikelo ya amayi oyembekezera ku Ngabu, ku Makhanga ndi ku Nsanje, n'kutsatira anawo mpaka atafika poti akhoza kuuzira m'kachipangizo kaja.