Manda a Bishopu ndinawapeza, koma a agogo anga ayi

Mwezi wathawu ndinakwera minibasi ya ku Nkhotakota, osati kukapikula mpunga monga ndichitira nthawi zina, koma pa ntchito imene amayi anandituma. Amayi anga akula, maso ayamba kuchita chidima, ndipo akhala akundiumiriza kuti ndikamange chiliza pamanda a bambo awo iwo akadali moyo. Agogo angawo anali mphunzitsi wa mishoni ya Anglican, mmodzi mwa aja ankayenda wapansi m'midzi ya m'mbali mwa nyanja, choko m'thumba, buku la mapemphero m'manja. Anamwalira ine ndisanabadwe.

Ndalama ya simenti ndinali nayo. Mmisiri ndinali nditapangana naye kale. Chimene ndinalibe, abale anga, ndi manda enieniwo.

Mkulu wina wa mumpingo anandiperekeza kumanda. Tinazungulirazungulira, iye akukanda m'mutu, mpaka analoza mtumbira wina nati, "Mwanawe, ngati si awa, ndiye kuti ndi awo." Mtanda wathabwa umene anazika patsiku la maliro unadyedwa ndi chiswe kalekale. Azakhali amene ankadziwa malowo tinawaika zaka zitatu zapitazo, ndipo mwa ife tonse panalibe amene anaganiza zowafunsa. Kodi chiliza mungachimange pa "ngati"? Ndinabweza ndalama m'thumba.

Koma tsiku lomwelo, manda a mzungu amene anamwalira m'chaka cha 1895 ndinawapeza osatuluka ndi thukuta lomwe. Ali mu tchalitchi cha All Saints, ndipo ngakhale mwana wa Sande sukulu akhoza kukulozerani. Mzunguyo ndi Bishopu Chauncy Maples. Kuyambira tsiku limenelo mtima wanga sunakhazikike, n'chifukwa chake ndati ndikambe nanu za manda a pa mishoni imeneyi.

Kuti timvetse chimene chinabweretsa manda a Akhristu pa Nkhotakota, tiyambe ndi mbiri ya tauniyo. M'zaka za m'ma 1840 kunafika Mswahili wina wochokera kugombe la nyanja ya mchere, Salim bin Abdallah, amene anthu ankamutchula kuti Jumbe. Malonda ake anali minyanga ya njovu ndi anthu. Anthu ogwidwa m'midzi ya kumtunda ankawasonkhanitsa pa Nkhotakota, kuwaolotsa nyanja m'zombo, kenaka kuwayendetsa wapansi mpaka ku Kilwa, m'dziko limene lero tikuti Tanzania. David Livingstone anadutsa pamenepa m'chaka cha 1861, nabweranso mu 1863, ndipo mtengo umene amati anakumaniranapo ndi Jumbe alendo amakauonabe.

Livingstone yemweyo ndiye anadzutsa mishoni ya Anglican kuno. Zimene analankhula ku Cambridge mu 1857 zinachititsa kuti kubadwe bungwe la Universities' Mission to Central Africa, limene akuluakulu athu amangoti UMCA. Bishopu wawo woyamba, Charles Mackenzie, anamanga msasa ku Magomero mu 1861, koma malungo anamutenga mu January 1862 kufupi ndi pamene Ruo athira mu Shire. Mishoniyo inabwerera m'mbuyo mpaka ku Zanzibar, ndipo inadzafikanso kunyanja kuno patapita zaka zambiri, n'kukhazikika pachilumba cha Likoma mu 1885. Ku Nkhotakota inafika mu 1894, ndipo wansembe amene anatsegula ntchitoyo anali Arthur Fraser Sim.

Tsono chaka cha 1895 ndicho chinatsegula manda. Chauncy Maples, amene anali atagwira ntchito mu Africa kuyambira 1876, anadzozedwa ubishopu ku London pa 29 June. Pobwerera ku ntchito yake anakwera boti la matanga kumwera kwa nyanja pamodzi ndi mnzake Joseph Williams. Usiku wa pa 2 September namondwe anawapeza cha kufupi ndi Salima, boti linagubuduzika. Amalinyero achikuda anasambira mpaka kumtunda, koma azungu awiriwo anamira. Amati mkanjo wake wa unsembe ndiwo unamulemera Bishopuyo m'madzi. Thupi lake litapezeka analitengera ku Nkhotakota ndi kuliika kumeneko. Anali ndi zaka 43, ndipo ubishopu anali ataugwira miyezi iwiri yokha. Mwezi wa October chaka chomwecho Sim nayenso anamwalira pa Nkhotakota pomwepo. Mishoni ya chaka chimodzi inali itaika kale m'manda Bishopu ndi wansembe wake.

Anthu amenewa sanaiwalike. Makalata a Sim anasindikizidwa m'buku kwawo ku Mangalande. Dzina la Maples analipereka kwa sitima yapamadzi imene inapangidwa ku Glasgow, n'kubwera nayo zidutswazidutswa, ndipo inayamba kuyenda pa nyanja yathu mu 1901. Agogo athu a kunyanja ankaidziwa bwino sitima imeneyi. Ana asukulu mpaka lero amakumana ndi maina amenewa m'mabuku.

Funso langa ndi lakuti: nanga amalinyero aja anasambira usiku uja, maina awo ali kuti? Nanga amene anasenza zitsulo za sitima ija pamutu podutsa mathithi a Shire? Nanga akapolo omasulidwa amene anali Akhristu oyamba, amayi amene ankatunga madzi oumbira njerwa za tchalitchi, aphunzitsi amene ankatsegula sukulu pansi pa mtengo wa mango? Ambiri a iwo agona m'manda a mamishoni athu, pansi pa mitumbira imene mvula ikusalaza chaka ndi chaka. Mbiri ya manda amenewa ili pawiri: pali ya pamwala imene imawerengeka, ndi ya m'dothi imene ili m'mitu ya nkhalamba zokha.

Ena mwa athu anapulumuka ku kuiwalika kumeneku, koma ndi owerengeka. Leonard Kamungu, mwana wa kutsidya kwa nyanja, anatumikirapo ku Nkhotakota, nadzozedwa unsembe mu 1909, napita kukatsegula mishoni ku Msoro m'dziko limene lero ndi Zambia, kumene anamwalira mu 1913. Sukulu ya ansembe a Anglican ku Zomba inatchedwa dzina lake. Josiah Mtekateka wa ku Likoma anakhala Bishopu woyamba wa Chimalawi mu mpingowu mu 1965. Awiriwa timawadziwa chifukwa wina anakhala pansi nalemba za iwo. Kamungu mmodzi wolembedwa akuimira aphunzitsi angati osalembedwa?

Wina anena kuti, "Ndi azungu amenewo, ankadzikonda, ankangolemba za iwo okha." Mwina pali choonadi pang'ono pamenepo. Wakufa wachizungu anali ndi abale kwawo otumiza ndalama ya mwala, pamene mphunzitsi wachikuda malipiro ake sankakwana ndi nsalu yomwe. Koma ine sindingaloze chala mzungu pa nkhani ya agogo anga. Dziko lino linalandira ufulu mu 1964. Kuchokera pamenepo, m'banja mwathu mwatuluka aphunzitsi, makalaliki, anthu a geni oyenda mpaka ku Dar es Salaam ndi ku Johannesburg. Tonsefe timadziwa kulemba. Ngongole za makasitomala timazilemba m'kope mosaphonya ndi tambala yomwe. Koma panalibe mmodzi anatenga bolopeni kulemba kuti agogo agona pamzere wakuti, pafupi ndi mtengo wakuti. Mlandu ndi wathu.

Ndikudziwa kuti pali chifukwa china chimene sitiyenera kuchinyoza. Pa chikhalidwe chathu, kumanda si koyendako chisawawa. Kumudzi simulowa kumanda popanda chilolezo cha mfumu, ndipo amene amadziwa kuti uje anagona pati ndi adzukulu okumba manda. Mwana akaloza manda ndi chala amamukalipira. Ulemu umenewu ndi wabwino, ndipo ndiwo wasunga nkhalango zambiri zimene zikanatha ndi makala. Koma mwambo umenewu unkayenda bwino pamene mtundu wonse unali pamudzi umodzi, nkhalamba zikufotokozera ana pabwalo madzulo. Lero wina ali ku Ndirande, wina ku Mchesi, wina ku Joni. Timakumana pamaliro pokha, mothamanga, maso ali pa minibasi yobwerera. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, inde, koma dambolo likuuma ife tikuyang'ana kwina.

Ndipo musaganize kuti nkhaniyi ndi ya a Anglican okha. Pa Nkhotakota pomwepo pali manda a ma Jumbe, ndipo abale athu Achisilamu ali ndi mbiri yawo yaitali m'tauni imeneyi. Ana a ogulitsa ndi ana a ogulitsidwa lero amagulitsa nsomba pa msika umodzi, amakwatirana, amalirana maliro. Wofuna kumvetsa momwe zimenezi zinathekera ayambire kumanda, pakuti kumeneko ndiko kuli mndandanda wa anthu amene anamanga tauniyi. Chimodzimodzinso ku Likoma, ku Malindi, ku Mponda, ngakhalenso ku mamishoni a mipingo ina. Mtumbira uliwonse ukasalala, tsamba limodzi la mbiri ya dziko lino lang'ambika.

Tsono tichite chiyani? Sindikupempha boma, sindikupempha mabungwe akunja. Zimene ndikunena sizifuna ndalama yambiri.

Inu ana asukulu, makamaka a ku sekondale ndi ku koleji, holide ikubwerayi musangokhalira kutchatcha pa foni. Pemphani chilolezo kwa abusa kapena kwa amfumu, tengani agogo amene akuyendabe, mupite nawo kumanda. Jambulani mapu a pamanja: mzere woyamba, mzere wachiwiri, apa pagona uje mwana wa uje, anamwalira chaka cha njala ya 1949, ankagwira ntchito yakuti. Foni yomweyo ijambule mitanda isanagwe ndi mawu a agogowo asanazime. Kope limodzi musiye ku tchalitchi, lina kunyumba. Mipingo yakale inali ndi mabuku olembamo obatizidwa, okwatirana ndi omwalira. Funsani ngati alipo, muwawerenge ndi manja oyera, mukopere zimene zikukhudza banja lanu. Safunsa anadya phula.

Inu anzanga a geni, ife ndife amene timasonkha ndalama zambiri pamaliro. Timagula bokosi lonyezimira limene lionekera maola atatu okha, timaphika mpunga ndi nyama ya anthu mazana, koma dzina la malemu timalilemba ndi penti pa thabwa la paini. Mvula ziwiri, dzina lafufutika. Thumba limodzi la simenti ndi msomali wolembera pa simenti yaiwisi n'zokwanira kusunga dzina zaka zambirimbiri. Sindikunena za ziliza zamatailosi zopikisana nazo ayi. Ndikunena dzina, chaka chobadwa, chaka chomwalira, basi.

Nditabwerera ku tauni ndinakawauza amayi zoona zokhazokha, kuti manda a bambo awo sindinawapeze. Sanandikalipire. Anangokhala chete kanthawi, kenaka anati, "Tenga pepala." Usiku umenewo anandiuza maina a midzi inayi imene agogo anaphunzitsako, dzina la mayi awo, ndi momwe anayendera ulendo wa masiku atatu kukayamba sukulu pamudzi pamene panalibe ndi mmodzi yemwe wodziwa "a". Zonsezi ndinali ndisanazimvepo, chikhalirecho ndakhala nawo zaka zonsezi.

Tchalitchi cha pa Nkhotakota chimatchedwa All Saints, kutanthauza Oyera Mtima Onse, ndipo tsiku lake ndi 1 November. Tagwirizana pabanja kuti tsiku limenelo tikapemphe kwa akulu a mpingo kamalo m'mphepete mwa manda, tikaikepo mwala wolembedwa dzina la agogo ndi mawu akuti agona m'manda muno. Pamtumbira penipeni tachedwa, madzi akatayika saoleka. Koma inu amene azakhali anu akadali moyo, Loweruka likubwerali kwerani minibasi mukawafunse.