MUNTHU AKAVULALA MSANA: KODI TIMUTENGERE KUTI?

Amayi, mukabwera kusikelo timakonda kukambirana za katemera, phala la mwana ndi matenda otsekula m'mimba. Lero tikambe za vuto lina limene silibwera kawirikawiri, koma likagwa pakhomo limasintha moyo wa banja lonse. Vutoli ndi kuvulala kwa mtsempha wa mumsana. M'mabanja ambiri wodwazika matenda amakhala mayi, chomwecho ndi bwino kuti mudziwiretu kumene mungatengere wodwala wotere ndiponso zimene muyenera kufunsa.

Mtsempha wa mumsana ndi ntchito yake

M'kati mwa mafupa a msana mumadutsa mtsempha waukulu wochokera ku ubongo. Mtsemphawu ndiwo umanyamula mauthenga opita kumanja, kumiyendo, kuchikhodzodzo ndi kumatumbo. Ukaphwanyika, ziwalo zonse za m'munsi mwa malo ovulalawo zimaleka kumva ndi kugwira ntchito. Wovulala m'khosi akhoza kufa manja ndi miyendo yomwe. Wovulala pakati pa msana kapena m'chiuno amafa miyendo yokha. Ambiri sathanso kudziwa pamene mkodzo kapena chimbudzi chikubwera.

Kuno kunyanja ngozi zake tikuzidziwa. Ana amagwa m'mitengo nyengo ya mango. Anyamata amadumphira m'madzi osaya mutu uli patsogolo, nakagunda mchenga kapena mwala. Ena amavulala pa njinga zamoto za kabaza ndi m'galimoto za matola pa msewu wa Mangochi kupita ku Monkey Bay. Palinso matenda awiri amene amapha miyendo popanda ngozi: chifuwa chachikulu chimene chalowa m'mafupa a msana, ndi likodzo, pakuti mazira ake nthawi zina amakakhala mu mtsempha wa mumsana. Matenda awiriwa ali ndi mankhwala. Tsono mwana kapena wamkulu akayamba kumva msana, miyendo n'kumafooka, mkodzo n'kumavuta, musadikire mawa.

Tsiku la ngozi

Munthu amene wagwa ndipo akudandaula khosi kapena msana musamukhazike pansi, musamuyimiritse, musamubereke, ndiponso musamukweze pa njinga. Itanani anthu anayi kapena asanu. Mmodzi agwire mutu kuti usagwedezeke, enawo amunyamule thupi lili lowongoka ndi kumugoneka pa chitseko kapena thabwa. Mupite naye chogona ku chipatala cha boma ku Mangochi, chimene chili pa mtunda wa makilomita oposa 20 kuchokera ku Nkopola. Madokotala akaona kuti n'kofunika, adzamutumiza ku chipatala chachikulu cha Zomba kapena cha Queen Elizabeth ku Blantyre, chimene ambiri amachitcha Gulupu.

Fupa likalumikizana ntchito sinathe

Fupa losweka limalumikizana pakapita miyezi iwiri kapena itatu, koma mtsempha umene waduka kotheratu sulumikizananso. Ngati udangovulala mbali imodzi, mphamvu ina imabwerera, makamaka m'miyezi 6 yoyamba, ndipo imatha kuwonjezereka pang'onopang'ono kufikira chaka chimodzi kapena ziwiri. Palibe jakisoni, mphini kapena mankhwala ogula amene angalumikize mtsempha woduka. Musagulitse ngalawa, ukonde kapena munda chifukwa cha munthu wolonjeza kuti wodwala wanu ayenda m'sabata imodzi.

Chimene chimapha ambiri si kufa kwa miyendoko ayi, koma zilonda zobwera chifukwa chogonera malo amodzi, matenda a m'chikhodzodzo ndi impso, ndiponso chibayo. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lidanena mu 2013 kuti chaka chilichonse anthu pakati pa 250,000 ndi 500,000 amavulala mtsempha wa mumsana, ndipo ambiri amafa msanga ndi mavuto otheka kuwapewa, makamaka m'maiko osauka. Kale ngakhale ku Ulaya ovulala otere sankakhalitsa. Zinthu zidasintha pamene Dokotala Ludwig Guttmann adatsegula malo osamalira ovulala msana pa chipatala cha Stoke Mandeville ku England mu 1944. Iye adalamula kuti wodwala aliyense azitembenuzidwa maola awiri alionse, usana ndi usiku, chikhodzodzo chake chizisamalidwa mwaukhondo, ndipo aziphunzitsidwa ntchito ndi masewera. Odwala ake adayamba kukhala moyo zaka zambiri. Njira imeneyi sifuna makina odula; ifuna anthu ophunzitsidwa.

Ichi ndicho chifukwa chake wovulala msana ayenera kupita kumalo ophunzirako moyo watsopano asanabwerere kumudzi. Kumeneko amachita mafizo olimbitsa manja ndi owongola mfundo za miyendo. Amaphunzira kudzitembenuza, kuchoka pabedi kupita pa njinga yake, kusamba, kuvala ndi kusamala mkodzo ndi chimbudzi.

Malo amene alipo

Malo odziwika kwambiri m'dziko muno ndi Kachere Rehabilitation Centre ku Blantyre, pafupi ndi Gulupu. Odwala amagonekedwa komweko kwa masabata angapo pamodzi ndi wowadwazika. Malowa adayambitsidwa ndi bungwe la Malawi Against Polio, limene lidakhazikitsidwa mu 1979 pofuna kuthandiza ana olumala ndi poliyo, ndipo pambuyo pake lidasintha dzina kukhala Malawi Against Physical Disabilities. Ambiri amangolitchula kuti MAP.

Ku Lilongwe, pa chipatala chachikulu cha Kamuzu, kudatsegulidwa mu 2023 chipatala cha mafupa, ubongo ndi msana chotchedwa LION. Ku Blantyre kulinso chipatala cha Beit CURE, chimene chidatsegulidwa mu 2002 ndipo chimathandiza ana amene mafupa ndi mapazi awo adapindika.

Kumalo onsewa munthu sangopita yekha. Pafunika kalata ya dokotala. Chomwecho wodwala wanu asanatulutsidwe m'chipatala, pemphani kuonana ndi dokotala wa mafupa ndi a mafizo, ndipo zonse zilembedwe m'kabuku ka kuchipatala. Kuchokera ku Nkopola kukafika ku Blantyre, kudzera ku Liwonde ndi ku Zomba, ndi makilomita oposa 200. Ulendowu ndi wautali, koma masabata ochepa ophunzira bwino amapulumutsa banja ku zaka za zilonda.

Mafunso oyenera kufunsa

Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Kulikonse kumene mwatumizidwa, kaya n'kwa boma, kwa mishoni kapena kolipira, funsani mwaulemu mafunso awa:

1. Kodi pano mumasamala anthu ovulala msana kawirikawiri? Malo amene amaona odwala otere tsiku ndi tsiku amazindikira msanga mavuto awo.

2. Kodi ine wodwazika mudzandiphunzitsa ndi manja anga? Funso ili ndi lalikulu kuposa onse, pakuti kumudzi namwino mudzakhala inu. Musachoke musanatembenuze wodwala, kumunyamula ndi kumuwongola miyendo aphunzitsi akuona.

3. Kodi mkodzo ndi chimbudzi tidzazisamala bwanji? Ena amaphunzitsidwa kulowetsa kapaipi koyera ndi kukachotsanso maola 4 mpaka 6 alionse. Ena amakhala ndi kapaipi kokhalitsa kamene kamasinthidwa kuchipatala. Funsani kumene muzikapeza timapaipi tatsopano mukabwerera ku Mangochi.

4. Kodi njinga yokhalapo wodwala mudzamuyeza, ndipo idzakhala ndi khushoni? Njinga yosamuyenera imayambitsa zilonda. Auzeni kuti kwanu ndi kwa mchenga, kumene matayala ang'onoang'ono amatitimira.

5. Kodi tidzakhala nthawi yaitali bwanji, ndipo tibweretse chiyani? Dziwani za chakudya ndi pogona pa wodwazika, ndiponso ngati pali cholipira.

6. Kodi tikatuluka adzatiyendera ndani, ndipo tidzabwerenso liti?

Ngati wovulalayo ndi mwana, funsaninso za sukulu. Miyendo ikafa, nzeru sizifa.

Ngati muli ndi mwana woyamwa kapena wa kusikelo, khalani pansi ndi abambo, amalume ndi achibale a mbali zonse musananyamuke. Mutu umodzi susenza denga. Sankhani anthu awiri oti aphunzire, kuti wina akatopa kapena kudwala mnzake alandire. Katemera wa mwana wamng'ono asadumphidwe. Tengani khadi lake ndipo mukamuyezetse kusikelo ya kumene muliko.

Mukabwerera kumudzi

Mutembenuzeni wodwala maola awiri alionse. Asagone pa mphasa yokha. Mupezereni matiresi ofewa, ndipo zofunda zikhale zouma, zopanda mchenga. M'mawa ndi madzulo yang'anani khungu la m'matako, m'chiuno ndi zidendene. Mukaona malo amene asintha mtundu, atentha kapena alimba, asagonerenso pamenepo mpaka atachira. Akakhala pa njinga azidzinyamula kapena kupendekera mbali mphindi 15 mpaka 30 zilizonse.

Popeza miyendo yake siimva, ikhoza kupsa iye osadziwa. Musamuyandikize kumoto kapena ku mbaula, ndipo mapazi ake asagunde mchenga wotentha. M'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala akhale pamthunzi, pakuti ambiri satuluka thukuta m'munsi mwa malo ovulala. Azimwa madzi abwino okwanira monga adalangizira a kuchipatala. Mpatseni usipa, utaka, nyemba ndi ndiwo zotendera kuti khungu lilimbe. Nsima ya mgaiwa, masamba ndi mapapaya zimathandiza kuti asadzimbidwe.

Thamangirani naye kuchipatala thupi likatentha, mkodzo ukayamba kununkha kapena kusiya kutuluka, chilonda chikatseguka, mwendo umodzi ukatupa, kapena akamapuma movutika. Kwa wovulala m'khosi kapena kumtunda kwa msana, mutu kupweteka kwambiri mwadzidzidzi pamodzi ndi thukuta la kumaso ndi chizindikiro choopsa. Mukhazikeni tsonga, masulani zovala, onani ngati kapaipi ka mkodzo kapindika, ndipo pitani naye msanga.

Pomaliza, musamubise m'nyumba. Kulitsani khomo, salazani njira ya kuchimbudzi, ndipo auzeni alangizi a zaumoyo a m'dera lanu kuti azimuyendera. Apite nawo kumzikiti kapena kutchalitchi, kumaliro ndi kuukwati. Wamanja amphamvu akhoza kusoka maukonde, kuluka mphasa, kugulitsa nsomba kapena kusoka zovala. Mwana abwerere kusukulu.

KUMBUKIRANI: Munyamuleni chogona. Pemphani kalata yopitira kumalo ophunzirako. Musachoke musanaphunzire. Mutembenuzeni maola awiri alionse.