Mimba Yochedwa Kubwera Isachedwe Kusikelo

Lero tili ku Thambani, m'boma la Mwanza, kufupi ndi malire a Mozambique. Kuno, monga m'madera ambiri, mayi amene wakhala zaka osatenga pathupi, akadzaima sauza anthu msanga. Amabisa mpaka mimba ioneke yokha, kuopa kuti oipa mtima angaimange. Mantha ake ndi omveka, pakuti wanyozedwa kokwanira kuti ndi chumba. Koma mayi wotereyu ndiye ayenera kufika kusikelo anzake onse asanafike.

Chimodzi mwa zifukwa zazikulu zochedwetsa pathupi ndi vuto lotchedwa PCOS, lomwe madokotala awiri a ku Chicago, Irving Stein ndi Michael Leventhal, analifotokoza mu 1935. Bungwe la WHO likuti mwa amayi 100 a msinkhu wobereka, 6 mpaka 13 ali nalo, ndipo ambiri sadziwa. Dzira silikhwima mwezi ndi mwezi, kusamba kumadumphadumpha, ena amamera ndevu kapena ziphuphu zosatha. Chosaoneka ndi maso n'chakuti thupi silimvera bwino insulini, yomwe imatsitsa shuga m'magazi. Mimba iliyonse imawonjezera kusamvera kumeneku, ndiye kwa mayi amene anali nako kale, shuga amakwera mosavuta. Kuthamanga kwa magazi, kupita padera, kubereka masiku asanakwane, kuchira ndi opaleshoni, zonsezi zimamuchitikira kawirikawiri kuposa anzake. Tisawonjezere mantha: ambiri amachira bwinobwino, makamaka akamayezedwa kuyambira pachiyambi.

Ena angati awa ndi matenda a amayi onenepa a m'tauni, osati mayi wolima ndi kusenza manachesi. N'zoona kuti kunenepa kumakulitsa vutoli, koma ngakhale owonda limawagwira. Ena angafunse kuti chipatala chaching'ono ngati cha Thambani chingachitenji ndi matenda ofuna makina ounikira m'mimba. Funsoli n'lolemera, komabe akatswiri atakumana ku Rotterdam mu 2003 anagwirizana kuti zizindikiro ziwiri mwa zitatu n'zokwanira, ndipo ziwirizo, kusamba kosalongosoka ndi tsitsi lomera ngati la abambo, namwino amazipeza pofunsa ndi poyang'ana. Zoopsa za pathupi nazonso sizifuna makina odula: kuyeza BP ulendo uliwonse, kuyeza mkodzo, ndi kuyeza shuga mimba ikafika masabata 24 mpaka 28. Zikavuta, mayi amatumizidwa kuchipatala cha boma ku Mwanza, mwinanso ku Queen Elizabeth ku Blantyre, nthawi ikadalipo.

Pamene mwambo umatisocheretsa kwambiri ndi pa kutupa. Mayi akatupa nkhope ndi manja, akuluakulu amathamangira kunena za mdulo, n'kuyamba kufunsana kuti wadumpha mwambo ndani. Koma kutupa kotere kungakhale chizindikiro cha kuthamanga kwa magazi. Mlandu uli pakati, BP ikukwerabe, ndipo mapeto ake angakhale kukomoka kumene kumapha mayi ndi mwana. Mutu wosaleka ndi kuona chimbuuzi ndi zizindikiro zonyamukira kuchipatala tsiku lomwelo.

Kubisira anansi n'kotheka popanda kubisira namwino. Inu anankungwi ndi apongozi, amene mumayamba kumva nkhaniyi, muperekezeni mayiyo kusikelo miyezi itatu isanathe, ndipo mumukumbutse kunena zonse: mmene ankasambira, zaka zimene wadikira, ndi mimba zimene zinapita padera. Zilembedwe m'buku lake lakuchipatala.