MPHAKA NDI ZENERA

Ku Mchesi, mumzinda wa Lilongwe, dzuwa liomba kwambiri m'miyezi ya October ndi November, mbvula isanagwe. Nyumba za malata zitentha ngati ng'anjo, ndipo anthu atsegula mazenera kuti mphepo ilowe.

Mphaka akonda kukhala pazenera. Akaona mbalame kapena buluzi, aiwala zonse nalumphira kunja. Nyumba zambiri za kumeneko siziri zosanja, cotero kugwako sikumpweteka. Zoopsa ziri pabwalo. Pamseu pali magalimoto, ndipo m'tinjira muli agaru. Garu wa ciwewe akaluma mphaka, mphakayo akhoza kubwera nayo nthendayo kunyumba, nalumanso ana. Ciwewe cikaonekera m'thupi, ciribe mankhwala.

Cifukwa cace mwini nyumba wanzeru akhomera pazenera waya wa timabowo tating'ono, wonga sefa. Mphepo ilowa, koma mphaka saturuka, ngakhale udzudzu sulowa. Amuikiranso madzi akumwa pamthunzi, napita naye kukabayitsa katemera wa ciwewe.

Mphaka wosungidwa bwino asunganso mbuye wace, pakuti makoswe saononga ufa ndi cimanga m'nyumba momwe muli iye.